Ntchafu zaphwanya patatha masiku awiri osati tsiku lomwelo, chimachitika ndi chani mkati mwa minofu?

Wongoyamba_kumene:

Abale anga ndithandizeni nzeru, pali chinthu chandizunguza mutu sabata ino. Ndakhala zaka pafupifupi zinayi osapanga masewero olimbitsa thupi aliwonse, ntchito yanga ndi yokhala pampando kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndiye Lolemba ndinati basi ndiyambepo. Ndinapanga zonyonyomala zija, ma squat, onse pamodzi anakwana mwina 60, kenako ndinakwera ndi kutsika masitepe maulendo angapo. Tsiku limenelo miyendo inangolema ndi kunjenjemera pang'ono, ndinasamba ndinagona bwinobwino. Lachiwiri m'mawa ululu unalipo koma wochepa moti ndinati aaa ndi zazing'ono izi. Koma Lachitatu abale, ntchafu zonse ziwiri ngati wina wandimenya ndi mtengo usiku ndili mtulo, kuti ndikhale pampando ndikuchita kugwira kaye tebulo, ndipo chikundidabwitsa kwambiri n'chakuti kukwera masitepe ndikukwera ndithu ngakhale movutikira, koma kutsika ndiye ayi, ndikutsika cham'mbali phazi limodzilimodzi nditagwirira khoma.

Ndafunsa anthu atatu aliyense wandiuza zake. Wina akuti ndi lactic acid wadzadza m'minofumo ndiye ndimwe madzi ambiri atuluke. Wina akuti ndakoka mitsempha ndisayerekezenso. Wachitatu ndi amene wandiopseza, akuti ukayamba zimenezi usadzasiye chifukwa ukadzangosiya minofu yonseyo imasanduka mafuta ndipo umanenepa kuposa poyamba. Ine chimene ndikufuna si mankhwala kwenikweni, ndikufuna ndimvetse. Ngati ndinavulala Lolemba bwanji ululu weniweni wadikira mpaka Lachitatu? Nanga bwanji kutsika, kumene ndi kophweka, ndi kumene kukupweteka kuposa kukwera? Amene mukudziwa za thupi la munthu chonde fotokozani mwachichewa chomveka, zachizungu ndawerengako koma mawu ake akungondilowa khutu ili kutulukira linali.

Chitsulo77:

Achimwene musadandaule, aliyense amene anagwirapo zitsulo anadutsa pomwepo. Ine ndatha zaka 12 ndikupita ku jimu koma mpaka lero ndikangojomba mwezi umodzi n'kubwerera pa tsiku la miyendo, masiku awiri otsatira ndimayenda molemera chimodzimodzi. Ife tinaphunzitsidwa kuti ndi lactic acid ameneyo, amatsalira m'minofu mukaigwiritsa ntchito mopitirira muyeso, ndiye amatenga masiku kuti achoke. Chimene ndingakuuzeni kuchokera pa zimene ndaona ndi maso anga n'chakuti musagone pabedi tsiku lonse, mukagona ndiye zimauma kwambiri, muziyenda pang'onopang'ono, mphindi 20 kapena 30 zokwana, mudzaona kuti miyendo ikatenthako ululu umachepa ngakhale madzulo umabwereranso. Osapanganso ma squat 60 panopa, dikirani kaye ululu uthe kenako muyambe ndi 15 kapena 20, sabata yotsatira muwonjezere pang'ono. Cholakwika chanu chinali kufuna kubweza ngongole ya zaka zinayi tsiku limodzi basi.

Ndipo ndikukutsimikizirani, ulendo wachiwiri sizidzapweteka chonchi, thupi limazolowera msanga modabwitsa. Za mafutazo ine sindikhulupirira ngakhale anzanga ena amene anasiya ananenepadi, koma ndimawaona amadya ngati akadali pa zitsulo. Zimenezo ayankhe odziwa sayansi.

Mphunzitsi_wa_Sayansi:

A Chitsulo, pa zoti ayendeyende osangogona komanso zoti ulendo wachiwiri sizidzapweteka chonchi ndagwirizana nanu kwathunthu, koma pa lactic acid pokhapo mundilole ndikutsutseni mwaulemu. Nkhani imeneyi ndimaiphunzitsa chaka ndi chaka ndipo inenso ndinakula ndikuikhulupirira. Lactate, amene anthu amamutcha lactic acid, amapangidwadi mnofu ukamagwira ntchito mwamphamvu kwambiri, ukamaphwanya shuga mwachangu kuposa mmene ungamalizitsire ndi okosijeni, koma sakhalitsa, pakatha ola limodzi mutasiya masewero amakhala wabwerera mwakale m'magazi. Ndipo si zinyalala ayi, mtima umamuwotcha kuti upeze mphamvu, chiwindi chimamutenga n'kumubweza kukhala shuga, njira imene inafotokozedwa ndi Carl Cori ndi mkazi wake Gerty Cori, aja analandira mphoto ya Nobel mu 1947. Ndiye chinthu chimene chinatha Lolemba madzulo sichingakhale chikuluma munthu Lachitatu.

Tiyambe ndi amene anati mwakoka mitsempha. Vuto ndi lakuti mawu oti mtsempha timawagwiritsa ntchito pa zinthu zitatu zosiyana kotheratu. Pali mitsempha yodutsa magazi, pali ina yonyamula uthenga kuchokera ku ubongo imene ena amati minyewa, ndiye pali zingwe zoyera zolimba zimene zimamangirira mnofu ku fupa, pachizungu amati tendon, ngati chija mumachigwira kuseri kwa phazi pamwamba pa chidendene, chimenecho ndi Achilles tendon ndipo ndi chokhuthala kuposa zonse m'thupi. Munthu akati mitsempha yakokana nthawi zambiri chimene chakokana ndi mnofu weniweniwo. Inu achimwene simunakoke chilichonse mwa zitatuzi, ululu wanu uli pakati pa mnofu.

Tsono mnofu ndi chani. M'thupi muli minofu yoposa 600 yomata ku mafupa, imene timaiyendetsa mwakufuna kwathu, ndipo kwa mwamuna wathanzi imalemera pafupifupi 40 peresenti ya thupi lonse. Pali mitundu ina iwiri imene siyembekezera chilolezo chanu, wa mtima, ndi ina yosalala ya m'matumbo, m'chikhodzodzo, m'chiberekero ndi m'makoma a mitsempha ya magazi, koma lero tisiye imeneyo. Mukadula mnofu wa pantchafu mupeza kuti ndi mitolo, mtolo uliwonse muli timaulusi towonda ngati tsitsi kapena kuposera apo, ndipo kaulusi kalikonse ndi selo limodzi lalitali. Mkati mwa selo limenelo muli tizigawo tondondozana ngati mabogi a sitima, dzina lake sarcomere, kamodzi ndi kafupi moti pa milimita imodzi mungandandalike pafupifupi 500. M'kachigawo kalikonse muli mapuloteni awiri ogoneka mopiringizana ngati zala za manja awiri mukazilowetsana, wowonda ndi actin, wonenepa ndi myosin. Myosin ali ndi timanja tambirimbiri, timagwira actin n'kukoka, kusiya, kugwiranso patsogolo, kukokanso, ndendende ngati anthu akukoka chingwe dzanja ndi dzanja. Mapuloteniwo safupika ayi, amangolowana kwambiri, ndiye tizigawo tonse tikafupika pang'onopang'ono nthawi imodzi mnofu wonse umafupika n'kukoka fupa. Zimenezi zinadziwika mu 1954, magulu awiri anazitulutsa nthawi imodzi, Andrew Huxley ndi Rolf Niedergerke mbali ina, Hugh Huxley ndi Jean Hanson mbali ina, ndipo a Huxley awiriwo sanali pachibale n'komwe.

Apa ndiye pali yankho la masitepe anu. Kutsogolo kwa ntchafu kuli minofu inayi imene imakumana pa bondo, quadriceps, ntchito yake ndi kuwongola bondo. Pokwera imafupika ikukoka, timanja tija tikukoka chingwe kubwera kwathu, ndi ntchito yolemetsa ndipo mumapuma wefuwefu koma siwononga kwambiri. Potsika, kapena mukamapita pansi pa squat, bondo likupindika chifukwa cha kulemera kwa thupi, ndipo kuti musagwe minofu yomweyo imagwira ngati mabuleki, ikukoka koma ikutalikitsidwa mokakamiza. Ganizirani anthu aja akugwira chingwe mwamphamvu koma chingwecho chikuwapulumuka m'manja pang'onopang'ono chifukwa katundu ali kumapeto ndi wolemera, ndi pamene manja amasupuka. Chinanso, pa ntchito ya mabulekiyi ubongo umadzutsa timaulusi tochepa kusiyana ndi pokwera, ndiye katundu yemweyo akugawana ochepa. Tizigawo tina tofooka timakokedwa mopitirira n'kusokonekera, makoma a maselo ena amang'ambika pang'ono, zonsezi ndi zazing'ono zoti n'kuziona pa maikulosikopu basi.

Nanga bwanji ululu umachedwa? Chifukwa chimene chikupweteka si kung'ambikako pa nthawi imene kukuchitika, koma zimene thupi limachita pambuyo pake. Maselo oyera a m'magazi amabwera kudzachotsa zowonongeka, madzi amasonkhana mnofu n'kutupa pang'ono, ndipo pamatuluka mankhwala amene amapangitsa minyewa yomva ululu kukhala yachangu kwambiri moti kungodina kapena kutambasula pang'ono imakuwa. Ntchito imeneyo imatenga nthawi kuti ifike pachimake, n'chifukwa chake ululu umayamba pakatha maola 12 mpaka 24, umafika poipa pakati pa maola 24 ndi 72, kenako umazilala mkati mwa sabata. Lachitatu lanu lagwera pakatikati penipeni. Ndipo si zatsopano izi, Theodore Hough wa ku America analemba kale mu 1902 kuti ululu wochedwawu umachokera ku kuwonongeka kwa mnofu weniweniwo. Potsika masitepe mukupempha malo omwe avulalawo kuti agwirenso ntchito yomwe inawavulaza, ndiye akukana.

Wongoyamba_kumene:

Aphunzitsi zikomo kwambiri, za chingwe chopulumuka m'manja zija ndiye zalowa, ndayesa kuimirira n'kupinda bondo pang'onopang'ono nditagwira ntchafu ndipo ndamvadi kuti yalimba ngakhale ndikupita pansi, sindinaganizepo kuti potsika mnofu umagwira ntchito. Koma mwandibweretsera funso lina, mwati myosin amangokoka, ndekuti mnofu sukankha? Nanga ndikamakankha chitseko kapena galimoto yofa chikukankhacho ndi chani? Komanso kunjenjemera kuja kwa Lolemba nditangomaliza, miyendo imachita kugwedezeka yokha ngati ndili ndi malungo, kumabwera bwanji? Za mafuta zija palibe amene wandiyankha bwinobwino.

Namwino_wausiku:

Achimwene aphunzitsi afotokoza bwino, ine ndingowonjezera mbali yakuchipatala chifukwa pali zinthu zimene zimafanana ndi ululu wanuwu koma si zodikira kunyumba, ndipo ndimamva chisoni anthu akamabwera mochedwa chifukwa wina anawauza kuti limba mtima ndi minofu ikukula.

Choyamba muyang'ane mkodzo wanu, ndikunena zenizeni. Ngati uli wa mtundu wa masiku onse nkhawa imachepa. Koma ukakhala wakuda kapena wofiira moderako, kapena mukukodza pang'ono kwambiri, uku ntchafu zatupa zalimba gwa ndipo mphamvu mulibiretu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Zimachitika kuti maselo a mnofu aphulika ambiri nthawi imodzi, ndipo muli puloteni yofiira yotchedwa myoglobin imene ntchito yake ndi kusunga okosijeni mkati mwa mnofu, ikatayikira m'magazi yambiri imakatseka timachubu ta mu impso mpaka impso kuleka kugwira ntchito. Dzina lake rhabdomyolysis, ndipo pa nkhani ya masewero amene amapezeka nayo kawirikawiri ndi ngati inuyo, munthu amene wakhala nthawi yaitali osapanga kanthu n'kudzayamba ndi mphamvu zonse tsiku limodzi, makamaka kukatentha ndipo sanamwe madzi okwanira. Zikatero musamwe ibuprofen kapena diclofenac poganiza kuti mukuziziritsa ululu, mankhwala amenewo amawonjezera katundu pa impso zomwe zikuvutika kale. Sindikukuopsezani, mmene mwafotokozeramu zikuoneka kuti ndi ululu wamba, koma ndi bwino mudziwe.

Chachiwiri, kung'ambika kwenikweni kwa mnofu kumadziwika, kumabwera nthawi yomweyo uli pakati pa masewero, kumabaya malo amodzi oti ungaloze ndi chala, ena amamva ngati chinachake chaduka, ndipo pakatha tsiku khungu limatha kuda chifukwa cha magazi otayikira mkati. Wanuwu ndi wa miyendo yonse iwiri, wafalikira ntchafu yonse ndipo wabwera mochedwa, ndi zosiyana. Chinanso chimene sitichiseweretsa ndi katumba wa mwendo umodzi wokha kutupa, kutentha ndi kupweteka popanda chifukwa chomveka, makamaka munthu atakhala nthawi yaitali osayenda, amenewo atha kukhala magazi oundana mu mtsempha ndipo osasisita, kuchipatala basi. Paja minofu ya akatumba ndi imene imafinya mitsempha kuti magazi akwere kubwerera ku mtima, mukakhala pampando tsiku lonse pampu imeneyo imakhala yazima, ndiye inu a ntchito yokhala muziimirira pafupipafupi.

Za mafuta, ayi, sizingatheke. Selo la mnofu ndi selo la mafuta ndi zinthu ziwiri zosiyana, lina silisanduka linzake. Chimachitika n'chakuti munthu akasiya masewero timaulusi timawonda chifukwa thupi silisunga chinthu chodula chimene sichikugwira ntchito, uku kadyedwe sanasinthe, ndiye zotsala zimasungidwa ngati mafuta pamwamba pake. Kunja zimaoneka ngati china chasanduka chinzake koma ndi zinthu ziwiri zachitika nthawi imodzi, a Chitsulo anaona bwino. Ife timaziona pa odwala ogona nthawi yaitali, masabata awiri okha pabedi miyendo imakhala yayamba kale kuchepa, n'chifukwa chake munthu akachitidwa opaleshoni timamudzutsa msanga kuti ayende ngakhale akudandaula, si nkhanza.

Dzanja_lamanzere:

Anamwino zimene mwanenazi ndinaziona pa thupi langa. Ndinathyoka mkono pangozi ya njinga, anandimanga chikhakha masabata 6, tsiku limene anachotsa ndinalira ndithu chifukwa mkonowo unali ngati wa mwana, wowonda, khungu lotuwa, kunyamula kapu ya madzi kumanjenjemera. Ndinkaganiza kuti ndalumala mpaka kalekale. Koma wa fiziyo anandiuza kuti timaulusi tonse tilipo, tangowonda, ndipo anandiyambitsa ndi kufinya kampira kofewa. Chimene chinandidabwitsa ndi chakuti pofinya kampirako ndi zala, pamene pamatopa ndi pamkono pansi pa chigongono osati zalazo, ndiye anandionetsa kuti m'zala mulibe minofu yoziyendetsa, minofu ili pamkono ndi pachikhatho, zala zimangokokedwa ndi zingwe zija aphunzitsi anena, mukatambasula zala mumaziona zikuyenda kuseri kwa dzanja. Patatha miyezi itatu mkono unabwerera pafupifupi mwakale, ndipo mphamvu zinayamba kubwera kale mkonowo usanayambe kuoneka kunenepa, chimenecho mpaka lero sindimachimvetsa, mwina aphunzitsi atiuze. Achimwene ofunsa inu musasiye, ine ndinaona mmene thupi limatayira msanga chimene sukuchigwiritsa ntchito.

Mphunzitsi_wa_Sayansi:

Eya, mnofu sukankha, palibe ngakhale umodzi m'thupi lonse. Mukamakankha chitseko, mnofu wa kuseri kwa mkono, triceps, ukukoka fupa kuseri kwa chigongono ndiye mkono ukuwongoka, ndipo wa pachifuwa ukukokera mkono wonse kutsogolo. Kukankhako ndi mafupa akuchita ngati mipini, minofu ikungokoka. N'chifukwa chake imakhala iwiriiwiri moyang'anizana, biceps kupinda chigongono triceps kuwongola, quadriceps kuwongola bondo, minofu ya kuseri kwa ntchafu kupinda, wina akamakoka mnzake amamasuka. Mnofu ukafupika sungadzitalikitse wokha, umadikira mnzake kapena kulemera kwa thupi kuukoke.

Za kunjenjemera ndi funso la a Dzanja yankho lake ndi limodzi, lili pa minyewa. Mnofu sugwira ntchito wokha popanda uthenga. Uthenga umachoka mu ubongo, kutsika mu fupa la msana, kudutsa mu minyewa mpaka pa kaulusi, pamenepo pamatuluka mankhwala otchedwa acetylcholine, amayatsa mphamvu ngati ya magetsi pa khoma la selo, ndiye nkhokwe za mkati zimatsegula kashiamu. Kashiamuyo ndi amene amachotsa chotchinga chimene chimaphimba actin, timanja ta myosin n'kupeza pogwira. Uthenga ukasiya kashiamu amapopedwa kubwerera m'nkhokwe, chotchinga chimabwerera, mnofu umamasuka. Tsono selo limodzi la minyewa limalamulira gulu la timaulusi, pa minofu yoyendetsa diso gululo limakhala la timaulusi pafupifupi 10 chifukwa pamafunika luso, pa katumba limatha kupitirira 1,000 chifukwa pamafunika mphamvu. Mukakhala simunatope magulu amenewa amalandizana mosalala moti simuzindikira. Mukatopa magulu ena amafooka, ubongo umadzutsa ena akuluakulu amene amalowa mwamphamvu n'kutopanso msanga, kulandizana kuja kumasokonekera, ndi kunjenjemera kumene munamvako. Kwa malungo kapena kuzizidwa ndi kwina, kumeneko ubongo ukugwedeza minofu dala kuti ipange kutentha, paja mphamvu zambiri zimene mnofu umawotcha zimatuluka ngati kutentha osati kuyenda.

A Dzanja, masabata oyambirira munthu akayamba masewero mphamvu zimakwera kwambiri mnofu usanakule chifukwa amene akuphunzira ndi ubongo, ukuphunzira kudzutsa magulu ambiri nthawi imodzi komanso kuuza mnofu woyang'anizana nawo kuti usalimbane. Kukula kwenikweni kumabwera pambuyo, timaulusi timanenepa chifukwa mukuwonjezeka actin ndi myosin, ndipo pambali pa kaulusi kalikonse pamakhala timaselo togona totchedwa satellite cells, tinapezeka ndi Alexander Mauro mu 1961, pakawonongeka timadzuka, kuchulukana n'kulowa mu kaulusiko kudzakonza. Panopa mu ntchafu za mnzathuyu timeneti tili pa ntchito. Ndipo zimene a Chitsulo anena kuti kachiwiri sizipweteka ndi zoona zotsimikizika, ulendo umodzi wokha umateteza mnofuwo kwa masabata angapo pa masewero omwewo. Koma tisamaganize kuti popanda ululu ndekuti mnofu sukukula, umakula bwinobwino osapweteka.

Ndiwonjezere kamodzi kamene kamandisangalatsa ndikamaphunzitsa. Timanja ta myosin timafuna ATP, amene ndi ngati ndalama ya mphamvu mu selo, osati pokoka pokha komanso kuti tisiye actin. ATP akatha timagwira osasiya. N'chifukwa chake thupi la munthu womwalira limauma pakatha maola ochepa, kashiamu watayikira, timanja tagwira, ndipo palibe ATP woti timasuke. Kumasuka nakonso kumafuna mphamvu. Ndipo ATP wosungidwa mu mnofu ndi wa masekondi ochepa chabe, nkhokwe ina ya mphamvu mu mnofu yotchedwa creatine phosphate imawonjezera mpaka pafupifupi masekondi 10, kupitirira apo mnofu uyenera kupanga watsopano kuchokera ku shuga ndi mafuta, ndi chifukwa chake palibe munthu amene angathamange mamita 800 pa liwiro la mamita 100.

Chitsulo77:

Aphunzitsi ndavomera, zaka 12 ndakhala ndikuuza anyamata atsopano za lactic acid ndipo ndimazinena ndi mtima wonse, kuyambira mawa ndisintha. Zandikumbutsa kuti tsiku limene ndimatsitsa chitsulo pang'onopang'ono ndikuwerenga mpaka 4 ndi limene ndimaphwanya kwambiri kuposa tsiku limene ndanyamula cholemera koma ndikutsitsa mwachangu, ndimangoti ndi mmene zilili osadziwa kuti ndi mabuleki aja. Koma pa kutambasula minofu musanayambe, ife timalimbikira kwambiri kuti kumaletsa ululu wa mawa, kodi nazonso ndi zabodza? Anamwino zikomo pa za mkodzo, pali mnyamata wina chaka chatha anabwera tsiku loyamba anzake anamukakamiza mpaka anasanza, sanabwerenso ndipo palibe amene anamufunsa kuti zinatha bwanji, zandikhudza kwambiri nditawerenga zanuzi.

Namwino_wausiku:

A Chitsulo kutambasula kumathandiza kuti molumikizira mafupa muzipindika bwino, koma ululu wochedwawu sikuuletsa kwenikweni, kaya mutambasule musanayambe kaya mutamaliza. Chimene chimauchepetsa ndi chomwe munanena poyamba chija, kuyamba ndi zochepa n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Inu amene muli akuluakulu kumeneko muziwateteza atsopanowo, tsiku loyamba si la mpikisano. Ndipo achimwene ofunsa, munthu akapitirira zaka 30 minofu imayamba kuchepa yokha, pakati pa 3 ndi 8 peresenti pa zaka 10 zilizonse ngati sakuigwiritsa ntchito, ndipo agogo ambiri amene amalephera kudzuka pampando okha vuto limakhala quadriceps yomweyo imene ikukupwetekani lero. Ndiye mwayamba chinthu chabwino, mungochepetsa liwiro.

Wongoyamba_kumene:

Zikomo nonse. Anamwino ndayang'ana, mkodzo uli bwinobwino ndipo palibe potupa mbali imodzi, mtima wakhala pansi. Dzulo madzulo ndinayenda mphindi 25 monga ananenera a Chitsulo, poyamba zinali zolimba koma pobwerera miyendo inamasuka, lero Lachisanu ndatsika masitepe choyang'ana kutsogolo osagwira khoma ngakhale pafupi ndi bondo pakumvekabe ndikadina. Lolemba ndipanga 15 okha, ndipo ndidzalemba pano Lachitatu kuti ndikuuzeni ngati chitetezo cha ulendo wachiwiri chija chagwiradi pa ine. A Dzanja, kampira kaja mumafinya kangati patsiku? Mayi anga achotsa chikhakha sabata yatha ndipo akuopa kugwira chilichonse ndi dzanja limenelo.